Mpunga Wodyedwa Mbali Ziwiri

Dulanjali anafika kunyumba Lachitatu masana, tsiku limene wophunzira wa ku yunivesite sapezeka kwawo. Anatsika basi ndi chikwama chachikulu chija anapita nacho tsiku loyamba, pamwamba pake atamangirira ndowa ndi pilo. Munthu wongobwera kudzachapa zovala sanyamula pilo.

"Sukulu ndasiya," anatero ali pakhomo.

Bambo ake, a Gunapala, anali pakhonde pa makina awo osokera. Phazi lawo linaima. Iwo ndi telala, ndipo chaka chimenecho panalibe munthu amene anasoketsa chovala osauzidwa kuti Dula ndi woyamba m'banja lonse kulowa yunivesite.

"Kodi mayeso si mwezi wamawa, mwana wanga?"

"Ndi mwezi wamawa, Thaththa. Sindilemba."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Mayi ake, a Kusumalatha, anamuikira mpunga ndi mphodza pakhomo la chipindacho. Madzulo anakapeza mbale ili chikhalire, zitadyako nyerere zokha.

Nkhaniyi inayamba ndi mwambo. Ku yunivesite ya Dula, ophunzira a chaka chachiwiri amatiza atsopano kwa miyezi ingapo. Atsikana atsopano amavala madiresi a nsalu yotchipa ya maluwa ndi masilipasi a labala, tsitsi atalipaka mafuta a kokonati n'kuliluka pawiri. Mtsikana aliyense wa kalasi yapamwamba amamuitana kuti akka, ngati mkulu wawo wobadwa naye. Aliyense amalowezanso maina a anzake onse a m'kalasi ndi midzi imene amachokera, akuti pofuna kumanga umodzi.

Dula anachita zonsezi. Diresi anamusokera bambo ake omwe, n'kuikamo ndi matumba. Koma tsiku lina m'kantini akka wina anamuuza kuti agwade, aimbe nyimbo yolaula, ndipo m'nyimbomo aikemo dzina la mayi ake. Dula anadzuka n'kutuluka.

Wokana kutizidwa amatchedwa mbatatesi. Mbatatesi sapatsidwa moni. Sakhala m'kantini. Anzake akamasula mpunga wawo n'kumadyera limodzi pa tsamba limodzi, dzanja lake silifikapo. Saloledwa ku kuppi, maphunziro aja ophunzira amaphunzitsana okhaokha mayeso akayandikira. Tsiku lomwelo Dula anachotsedwa pa gulu la pa foni la kalasi yake, pamene ankauzirana za kusintha kwa nthawi ya maphunziro. Kawiri konse anakhala yekha m'kalasi, anzake akuphunzira kwina. Ankadziwa pamtima dzina ndi mudzi wa aliyense wa anzakewo, koma panalibe womuyankha moni.

Zonsezi makolo ake sankazidziwa. Anazidziwa tsiku lotsatira, kwa mayi wina amene anabwera kudzatenga bulauzi yovalira ndi sari yake, nsalu yaitali yodzikulunga m'thupi.

"A Gunapala, ine zokamba anthu sindikonda," anatero mayiyo, foni ataitulutsa kale. "Koma uyu si Dula wanu?"

Linali tsamba la mchezo la pa intaneti lotchedwa Mphika wa Mbatatesi. Mwini wake sankadziwika. Pachithunzipo Dula anali atakhala pa masitepe a kuseri kwa laibulale, atawerama, mpunga uli patsogolo pake pa tsamba la nthochi. Pamwamba panalembedwa kuti: "Mbatatesi yapeza wodya nayo. Ndi khoma." Pansi panali tinkhope toseka tosawerengeka, ndi ndemanga. "Isendeni." "Mwana wa telala, diresi yaulere." "Ikawola kaitayeni kwawo."

Mayiyo atapita, a Gunapala anayamba kufufuza mdani.

"Amene amadana ndi mwana wanga ndani? Ndi mnyamata wa a Siripala ameneyu. Analephera mayeso, nsanje ikumudya."

"Mwana wa a Siripala ali ku Dubai akutsuka magalimoto, bambo a Dula," anayankha a Kusumalatha. "Wajambula bwanji masitepe?"

"Ndiye ndilembepo ineyo. Ndiwauze kuti ndine bambo ake, abwere adzanene pamaso panga."

Atalephera kupeza polemba, anakagogoda kuchipinda. "Dula, bwerera ukawapepese ma akka akowo. Kugwada sikunathyolepo bondo la munthu. Diresi ndikusokera ina."

Dula sanatsegule chitseko. A Kusumalatha nawo anali ndi mankhwala awo. Anatenga foni ya Dula pawindo n'kuikwirira m'chitini cha mpunga. "Matenda alowera m'menemu," anatero. "Ikhale m'menemo mpaka aiwale."

Dula sanaifunse n'komwe foniyo. Ankangogona chopenya kudenga, akumva makina a bambo ake akuyenda n'kuima, kuyenda n'kuima.

Loweruka kunabwera a Pemawathi, mzamba wa boma woyendera mabanja, amene amakhala kuseri kwa kachisi. Ndi iwo ankamuyeza Dula pa sikelo ali khanda. Anamva nkhani yonse akumwa tiyi, akulumako kachidutswa ka shuga wa mgwalangwa.

"Ndiye foni ili mu mpunga," anatero. "Nanga anthu aja asiya kuseka?"

"Iye sakuwaona," anayankha a Kusumalatha.

"Anawaona kale, achemwali. Panopa mwangomutsekera ndi amene akanamufunsa kuti uli bwanji. Itulutseni. Inunso a Gunapala, musayankhe chilichonse pa tsambalo. Mukayankha, mawa chithunzi chidzakhala chanu muli pa makina. Ndipo mwanayu musamutume kukapepesa. Walakwa chiyani? Wakana kutukwana mayi ake."

A Gunapala anayang'ana mkazi wawo, kenaka pansi. Za nyimbo ija anali asanaiganizire bwino.

"Chochita n'ichi," anapitiriza a Pemawathi. "Jambulani zonse zili pa tsambalo, chithunzi ndi ndemanga zomwe, asanazifufute. Lolemba mupite naye kwa mlangizi wa ophunzira. Yunivesite ili naye, ntchito yake ndi yomweyi. Ndipo mwana amene sakudya, sakulankhula, musamusiye yekha nthawi yaitali. Khalani naye pafupi ngakhale asakuyankheni."

A Kusumalatha anafukula foni, naipukuta. A Pemawathi anaonetsa a Kusumalatha batani lojambulira zimene zili pa foni. A Kusumalatha anakulitsa chithunzi chija ndi zala kuti aone nkhope ya mwana wawo, koma maso awo anagwera pa mpunga. Anauzindikira. Lolemba lililonse m'mamawa, Dula akamabwerera kusukulu, iwo ankamukulungira mpunga pa tsamba la nthochi lowaula pamoto, n'kuikamo mphodza ndi kokonati wa tsabola. Masabata apitawa ankaikamonso mazira awiri, chifukwa Dula anati: "Amma, muziika wambiri, ndapeza mnzanga."

Mbali ya Dula mpunga unali wokumbika pang'ono, dzira lake lili lathunthu. Mbali inayo, yoyang'ana kwa wojambula, unali wokumbika kwambiri, dzira litalumidwa theka.

"Mpunga uwu wadyedwa mbali ziwiri," anatero a Kusumalatha motsitsa mawu. "Sankadya ndi khoma."

Sanagogode. Analowa n'kukhala pa bedi, foni ili m'manja.

"Dula, dzira linalo ankadya ndani?"



"Imesha," anatero Dula, akuyang'anabe kudenga. "Mtsikana wa m'kalasi mwathu, wa ku Matale. Ankabwera mobisa Lolemba lililonse. Kuseri kuja sikufika munthu. Ankandibwereketsa zimene alemba ku kuppi. Tsiku limenelo anati akuwerenga uthenga wa mayi ake. Dzanja lamanja linali mu mpunga wanu, Amma. Lamanzere linali pa foni."

"Unadziwa kuyambira pachiyambi."

"Ena aja aziseka. Sanadye nane. Koma ngati iyenso ali nawo, ndikabwerera ndizikadya ndi ndani?"

 A Kusumalatha anamasula tsitsi la mwana wawo n'kuyamba kulipesa pang'onopang'ono. Atatha, Dula anadya mpunga pang'ono.

Lolemba anakwera basi yoyamba onse atatu. Dula anavomera kupita pokhapokha ndowa ndi pilo zitsale kunyumba, kuti asaoneke ngati wabwerera. Ofesi ya mlangizi inali kumapeto kwa khonde lalitali. Mlangiziyo, Mayi Abeykoon, anaona zithunzi zonse osafulumira, kenaka anayang'ana Dula.

"Wachita bwino kubwera, mwana wanga. Palibe chimene walakwa. Kutiza n'koletsedwa ndi malamulo a dziko, kaya m'kantini kaya pa foni."

"Madamu," analowererapo a Gunapala, "ine funso langa ndi limodzi. Onsewa amadana ndi mwana wanga chifukwa chiyani?"

"Mukafunsa choncho simupeza yankho, bambo. Ambiri mwa amenewa sanalankhulepo naye. Munthu ungadane naye bwanji usanamve ndi mawu ake omwe? Funsani kuti aliyense wa iwowa akuopa chiyani, kapena akupeza chiyani."

"Akuopa? Amene akusekawa?"

"Yambani ndi akka amene anamuuza kuti agwade. Chaka chatha anagwada ndi iyeyo. Anapirira podziuza kuti ndi mwambo, aliyense amadutsamo. Ndiye pabwere mwana wina adzuke n'kutuluka, osagwa, osafa. Akka uja akamuona amadzifunsa kuti, nanga ine ndinagwadiranji? Funso limenelo limawawa. Kulithawa kwake ndi kumulanga wodzukayo."

A Gunapala anakanda m'mutu.

"Woyendetsa tsambali alibe dzina. Zimene sangathe kunena pamaso pa Dula, amazilemba ali pa bedi, ndipo nkhope ya wolira saiona. Chithunzi chikasekedwa kwambiri, iye amadziona ngati munthu wamkulu, ndiye mawa amafuna china. Nanga osekawo? Ambiri amangodina kankhope ali pa mzere wa tiyi, n'kuiwala. Aliyense amati kanga ndi kamodzi kokha. Koma Dula amatilandira tonse nthawi imodzi. Ena amadina chifukwa ma akka amayang'ana amene sanaseke. Ndakhala mu ofesi ino zaka zambiri. Ophunzira amabwera kudzalira pampando umenewo, ndipo ena mwa iwo amakhala atangoseka mnzawo m'mawa womwewo."

"Ndiye nsanje palibe?" anafunsa a Gunapala, ngati munthu wolandidwa katundu.

"Imakhalapo, makamaka kwa amene amakhoza bwino m'kalasi. Koma yokha siidzaza tsamba lonse."

"Nanga wodya nawe mbale imodzi?" Anali mawu oyamba a Dula mu ofesimo.

Mayi Abeykoon anamuyang'ana. "Za mumtima mwake sindingamuyankhire. Chimene ndikudziwa n'chakuti wopezeka akucheza ndi mbatatesi amauzidwa kusankha: akhale mbatatesi nayenso, kapena abweretse umboni woti sali mbali yake. Mantha safafaniza cholakwa. Koma amasiyana ndi chidani."

Kenaka anafotokoza zimene achite. Zithunzizo azipereka ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo tsambalo alinenera kwa eni malo a mchezowo kuti litsekedwe. Aphunzitsi awauza kuti kusintha kulikonse kwa nthawi kuzimatidwa pa bolodi, osati kungouza gulu la pa foni. Dula azibwera kudzacheza nawo sabata iliyonse.

"Chovuta n'chimodzi," anatero. "Tsamba lopanda dzina likatsekedwa, mawa limatseguka ndi dzina lina. Komiti imafuna munthu wa mkati woti anene amene amalamula. Ameneyo sindingamukakamize. Iwenso sindikukukakamiza kukhala. Koma ukapanda kulemba mayesowa, chaka chonse chapita, ndipo iwo aphunzira kuti njira yawo imagwira ntchito."

Dula anayang'ana manja a bambo ake, chala chobooka ndi singano chili pa bondo.

"Thaththa, mundibweretsere pilo wanga," anatero.

"Ndi diresi?"

"Diresi ayi."

"Ayi," anavomera a Gunapala. "Ndikusokera ina. Yopanda maluwa."

Kubwerera sikunasinthe zinthu tsiku lomwelo. Akalowa m'kalasi, mipando ya mbali zonse ziwiri inkatsala yopanda anthu. M'chipinda chogona anzake ankasiya kulankhula iye akatsegula chitseko. Tsamba lija linatsekedwa Lachinai, Loweruka linatseguka lina, Mphika Watsopano. Dula anajambula zimene zinalembedwapo, anapereka kwa Mayi Abeykoon, osayankha kanthu. Ankawerenga yekha mu laibulale mpaka alonda atayamba kutseka mawindo. Madzulo alionse mayi ake ankamuimbira foni, osafunsa za tsamba, kungomuuza za mphaka ndi za mtengo wa kokonati.

Lolemba lotsatira a Gunapala anabwera ndi basi ya m'mawa kudzasiya mpunga pa geti. Masana Dula anapita pa masitepe omwe aja, poti kwina kodyera analibe. Atamasula tsamba la nthochi anapeza mazira awiri.

Anali asanayambe kudya pamene anamva masilipasi a labala. Imesha anaima pansi pa masitepe, tsitsi lake lolukidwa pawiri likunyezimira mafuta.

"Wabwera kudzajambula?" anafunsa Dula. "Dikira ndiwerame."

Imesha anatulutsa foni, naiika pa sitepe chozondotsa, n'kuikankhira kwa Dula.

"Anandiona ndikubwera kuno," anatero. "Akka anandiitana kuchipinda kwake, analipo angapo. Anati pofika Lachiwiri kukhale chithunzi pa tsamba, chako kapena changa. Ine ndilibe mtima ngati wako, Dula. Kwathu n'kutali, sindingapite Loweruka lililonse. Ndinaganiza kuti aseka tsiku limodzi basi."

"Dzira unalimaliza?"

"Ayi. Linandikanika."

"Ndinaona. Amma anaonanso."

Imesha anakhala pansi pa sitepe yotsika, chakumbali. "Chichokere iwe, ine ndimadya m'kantini. Timakhala ambiri pa tsamba limodzi. Aliyense amaseka akuyang'ana mnzake ngati waseka. Sindikumbuka n'komwe kukoma kwa chakudya." Analoza foni ija. "Mauthenga a akka onse ali m'menemo. Sindinafufute. Ndikufuna kupita nawo kwa Mayi Abeykoon, koma ndekha sindingathe."

"Ukudziwa kuti ukhala mbatatesi."

"Ndikudziwa."

Dula anayang'ana mpunga uja. Kenaka anatembenuza tsamba la nthochi kuti mbali ina iloze kwa Imesha.

"Sindinakukhululukire," anatero. "Dzira ili aika ndi Amma, osati ine. Samba m'manja."

Anapita limodzi ku ofesi ija masana omwewo. Komiti itaona mauthengawo inaitana oyendetsa tsamba ndi makolo awo. Anaimitsidwa sukulu kwa kanthawi, ndipo Mphika Watsopano unatsekedwa osatsegukanso. Imesha anapatsidwa chenjezo chifukwa cha chithunzi chija, ndipo kwa masabata angapo nayenso sankapatsidwa moni. Koma tsopano mbatatesi zinali ziwiri, ndipo zinayambitsa kuppi yawoyawo pa masitepe a kuseri kwa laibulale, yolowa aliyense. Tsiku loyamba sikunabwere munthu. Kenaka kunabwera mnyamata wina wa ku Ampara amene masamu ankamuvuta kuposa mantha. Mayeso atatsala pang'ono, masitepe anachepa. Ena mwa obwerawo anali omwe aja anadina tinkhope toseka. Dula ankawaitana aliyense ndi dzina lake ndi mudzi wake, poti anali ataloweza kale.

Analemba mayeso ndipo anakhoza. Ambiri m'kalasimo sanamupepese, ndipo ma akka ena mpaka lero amayang'ana kumbali akakumana naye. Koma chaka chotsatira, atsopano atafika ndi madiresi awo a maluwa, Dula ndi Imesha anali pa geti kuwauza kumene kuli ofesi ya mlangizi. A Kusumalatha tsopano amakulunga mpunga pa masamba awiri a nthochi, ndipo amadandaula kuti nkhuku zawo sizikukwanitsa mazira.

Nkhanza za pa masamba a mchezo kawirikawiri sizichokera pa chidani. Zimachokera pa mantha osalidwa ndi gulu, pa kubwezera kwa ena zimene munthu anachitidwa, pa kubisala kuseri kwa tsamba lopanda dzina, ndi pa kuganiza kuti kankhope kamodzi koseka sikapweteka. Ngati mwana wanu akuzunzidwa motere, musamulande foni, musamuimbe mlandu, ndipo musayankhane ndi omuzunzawo. Sungani umboni, khalani naye pafupi, ndipo pitani naye kwa mlangizi kapena akuluakulu a sukulu. Ndipo inu ophunzira, musanadine kankhope koseka, kumbukirani kuti pachithunzipo pali munthu. Ngati akudya yekha, pitani mukakhale mbali inayo ya mpunga wake, foni ili m'thumba.